Katungwe wa azungu akakana kuyenda

Moni abale anga kulikonse kumene mukumvera, kaya muli m'minibasi ya ku Limbe, kaya pa shifiti ya usiku ku Leeds. Mukamva mawu asasa mundikhululukire, ndadzuka folo koloko ndipo mphepo ya kuno siseka ndi munthu.

Mayi anga akafunsidwa kuti mwana wawo amagwira ntchito yanji ku Mangalande amati, "Amakonza katungwe wa azungu." Sanama ayi. Ndine wa zamagetsi pa paki ina ya zisangalalo, ndipo chaka chino tatsegula roller coaster yatsopano, chisitima chija chimakwera m'mwamba n'kutsetsereka anthu akukuwa ngati aona njoka. Dzina la paki sinditchula, ntchito ndikuifunabe.

Masabata oyamba chinthuchi chimangoima. Anthu ali pamzere ola lathunthu, ana akulira, wailesi ya m'manja ikungoitana dzina langa.

Mumvetse kaye mmene chimayendera. Sitimayi ilibe injini, ilibe dalaivala. Tcheni imaikoka mpaka pamwamba, ndipo kugogoda mumamva kuja ndi timano tachitsulo toletsa kuti isabwerere m'mbuyo. Ikafika pansonga imayenda ndi kulemera kwake basi. Njanji yonse anaigawa m'zigawo, ife timati ma block, ndipo lamulo ndi limodzi: chigawo chimodzi, sitima imodzi. M'mbali mwa njanji muli masensa ouza kompyuta kuti sitima yadutsa. Sensa imodzi ikalephera kuiona, kompyuta imati sitima yasowa, n'kumanga mabuleki onse.

Vuto la m'mawa linali losavuta. Kukazizira girisi amalimba, mateyala amalemera, sitima imayenda ngati yadya nsima ya dzulo. Timaizungulitsa kangapo itanyamula zidole zapulasitiki zodzaza madzi mpaka itenthe. Chotizunguza mutu chinali cha masana. Pafupi ndi mabuleki omaliza alamu imalira, tikathamangira kumeneko sensa ili bwinobwino, waya ali bwinobwino. Tikayatsanso, chiyenda. Mawa lake chimodzimodzi.

Apa ndiulule tchimo langa. Ine ndinakulira pa chigayo cha amalume, kumene fyuzi ikapsa umamanga waya wa kopa, ufa uzituluka. Tsiku lina nditatopa ndinati, bwanji tingoidumpha sensayo mpaka madzulo, poti tikudziwa kuti ikunama? Mkulu wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri anandiyang'ana osaphethira, n'kundifunsa ngati ndinamvapo za roller coaster ina yotchedwa The Smiler.

Ndinali nditamva, koma mwapatali. Pa 2 Juni 2015, ku paki ya zisangalalo ya Alton Towers konkuno ku Mangalande, sitima yopanda anthu inalephera kumaliza ulendo wake, inaima pakati pa njanji. Kompyuta inaona, inaimitsa zonse monga inayenera. Amisiri anaganiza kuti ikunama, analamula kuti ziyende. Sitima ya anthu 16 inakaomba inzakeyo, atsikana awiri anadulidwa mwendo, ndipo mu 2016 khoti linalipiritsa kampani yoyendetsa pakiyo mapaundi 5 miliyoni. Mkuluyo sanawonjezere mawu. Anangondipatsa kope ndi cholembera.

Ndiye ndinayamba kulemba. Nthawi yanji, sitima iti, kunja kuli bwanji. Poyamba ndinkaona ngati chilango cha kupulayimale. Koma patapita masiku, kope linayamba kulankhula. Alamu imalira ndi sitima yachiwiri yokha, ndiponso masiku a dzuwa okha, omwe kuno timawawerenga ndi zala. Pansi pa sitima iliyonse pali kachitsulo kamene sensa imayenera kumva pakadutsa, ndipo mpata wake ndi wa mamilimita ochepa chabe. Ka sitima yachiwiri kanakhala kutali pang'ono kuposa ka zinzake. Dzuwa likawomba, bulaketi yogwira sensa imapindika pang'ono, sitima ikamadutsa imanjenjemera, mpata n'kupitirira muyeso. Pofika ife ndi zida zathu, zonse zabwerera m'malo ngati mwana wakuba shuga amene wapukuta kale pakamwa.

Kunena zoona sensa ija siinkanama. Inalidi isakuiona sitima.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi makumi awiri, koma chilolezo chinatenga masabata. Simungangowotcherera chitsulo chanu pa makina onyamula anthu. Mabwana analembera amene anapanga makinawo, iwo anatumiza bulaketi yokhuthala, woyendera wochokera kunja kwa kampani anabwera kudzaona, tinayesanso ndi zidole zamadzi zija, mapepala n'kusainidwa. Ndinadandaula, sindikana. Ndikadali Mmalawi, kudikira pepala chinthu chili m'manja kumandiwawa.

Lamlungu mayi anandifunsa pa WhatsApp ngati ndinakwerapo katungweyo. Ndinakwera kamodzi, titangomaliza kukonza. Ndikudziwa bawuti iliyonse ya chinthu chija, koma titafika pamwamba ndinaitana agogo anga amene anamwalira kalekale. Mayi anaseka mpaka netiweki inaduka.

Sabata yamawa tikambirana za kumene mungapeze ufa woyera weniweni kuno, chifukwa uja wa m'mashopu wanditopetsa. Tsalani bwino.