Kodi Ndi Makala Athu Amene Anabweretsa Namondwe Freddy?

[Chithunzi: phiri la Soche, kenako wofotokoza pa kamera]

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu. Lero tikambirana funso limene achinyamata ambiri mwakhala mukundifunsa: nyengo yasokonekera, mvula siikudziwikanso tsiku lobwera, nanga wolakwa ndani, ndipo alipire ndani? Musachoke msanga, chifukwa pakati pa vidiyoyi ndithana ndi bodza lina limene landitopetsa zedi. Ngati ndinu mlendo, dinani batani la subscribe tiyambe.

Choyamba, mwachidule. Anthu akamawotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, mumatuluka mpweya wa kaboni umene umaunjikana kumwambaku n'kumatsekereza kutentha ngati bulangete. Dziko likatentha, nyanja zimatenthanso, mvula imagwa yambiri nthawi imodzi, kwina n'kukhala ng'amba. Chaka cha 2024 ndi chimene chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo chiyambireni kuyeza.

Chachiwiri, kwathu kuno taziona ndi maso. Madzi osefukira mu 2015, chilala mu 2016, namondwe Idai mu 2019, anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022. Ana ndi uja anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira. Kenako Freddy mu Malichi 2023: anthu opitirira 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala. Tisanapume n'komwe, mu 2024 ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agweredwa ndi ngozi. Mwana amene anayamba Sitandade 1 mu 2015 wakula akuona zonsezi. Musadabwe achinyamata akamayankhula mokwiya.

Chachitatu. Apa ndipo ndikhalitse, khalani bwino.

Pali mawu amene timawamva paliponse, pa wailesi, kusukulu, ngakhale pamaliro: "Nyengo yasintha chifukwa mwatha mitengo. Mwadziitanira nokha ndi makala anuwo." Ine ndinawamva mawu amenewa pamalo ena pamene anthu othawa madzi ankagona m'makalasi Freddy atangodutsa. Mayi wina anakhala pakona, mwana kumsana, katundu wake yense ali mu jumbo imodzi: poto, zitenje ziwiri ndi buku la kusikelo lonyowa. Mlendo wina wobwera ndi thandizo anaima kutsogolo n'kuyamba kuwadzudzula za mitengo. Mayi uja anangoweramitsa mutu. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipwetekabe.

Tiyeni tilekanitse zinthu ziwiri, chifukwa anthu amazisakaniza. Kudula mitengo n'koipa, sindikukana. Phiri likakhala lopanda mitengo, dothi siligwira, madzi amatsika ndi liwiro, napolo amakokolola nyumba mosavuta. Mitsinje imadzaza mchenga, Shire amasefukira msanga ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Zimenezo n'zoona, ndipo kubzala mitengo ndi ntchito yathu, palibe wakunja adzatichitire.

Koma funsani kuti Freddy anachokera kuti. Sanabadwire ku Soche kapena ku Mulanje ayi. Anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar, analowa ku Mozambique, anabwereranso kunyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso kachiwiri cha ku Quelimane asanatipeze ife. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona za nyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotero. Namondwe amadya kutentha kwa madzi a m'nyanja. Ndiye mundiuze, mbaula ya amayi a ku Ndirande ingatenthetse nyanja ya Indian?

Manambala ake ndi awa, ndawaika pa sikirini. Africa yense, anthu oposa 1.4 biliyoni, amatulutsa pafupifupi 4 peresenti yokha ya mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi tani 0.1 pachaka. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14. Kutanthauza kuti mpweya umene inu mumatulutsa chaka chathunthu, mnzanu wa ku America sabata siitha asanaupitirire. Komanso mpweya umenewu sutha lero ndi lero, umakhala kumwamba zaka mazanamazana. Utsi wa mafakitale a ku Britain a zaka za m'ma 1800 udakali ndi gawo lake pa kutentha kwa lero. Tikawerengera kuyambira kalelo, America ndiye ali patsogolo pa mayiko onse, ndipo masiku ano amene akutulutsa wambiri pachaka ndi China.

Asayansi a gulu la World Weather Attribution anafufuza mvula ya namondwe Ana ndi anzake a mu 2022, n'kupeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mphamvu ya mvula imene inagwa ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Ndiye inde, kusowa kwa mitengo kunakulitsa bala, koma amene ananola mpeni si wowotcha makala wa ku Neno. Ndipo bamboyo amawotcha makala chifukwa m'tauni anthu ambiri alibe china chophikira, magetsi anafika m'nyumba zochepa. Kumunyamulitsa mlandu wa dziko lonse n'kumulakwira.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi bodzali n'chakuti limatitseka pakamwa. Munthu amene wauzidwa kuti ndiwe wolakwa safunsa chipukuta misozi, amangothokoza akalandira thumba la ufa.

Ngati mwaphunzirapo kanthu kufika apa, dinani like, ndipo tumizani vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la kwanu, makamaka kwa amalume aja amakonda kunena za makala. Tipitirize.

Chachinayi, malonjezo. Mu 1992 ku Rio de Janeiro mayiko anagwirizana kuti udindo ndi wa tonse koma si wofanana, olemera atsogolere. Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni chaka chilichonse pofika 2020, othandizira mayiko osauka kulimbana ndi kusintha kwa nyengo. Anakwanitsa mochedwa, mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Tamvani bwino: ngongole. Wina wagwetsa mpanda wanu, kenako akukukongozani ndalama youmangira, mubweze ndi chiwongoladzanja.

Mu 2022 pa msonkhano wa nyengo wa United Nations ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mayiko osauka anapambana nkhondo ya zaka zambiri, panakhazikitsidwa thumba lolipirira zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Chaka chotsatira ku Dubai, malonjezo oyamba a m'thumbamo anakwana madola pafupifupi 700 miliyoni, a mayiko onse ovutika. Koma kafukufuku wa boma lathu anapeza kuti kukonzanso zimene Freddy yekha anawononga ku Malawi kokha kunkafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Namondwe mmodzi, dziko limodzi, thumba lonse latha. Ku Baku mu 2024 mayiko osauka anapempha madola 1.3 thiriliyoni pachaka, olemera anavomera 300 biliyoni pofika 2035. Mu January 2025 Donald Trump anasayina zoti America ituluke m'pangano la Paris, limene mayiko anagwirizana mu 2015 kuti achepetse kutentha kwa dziko. Pochita chilungamo nditchule Scotland, imene inali yoyamba kuika ndalama za zowonongeka mu 2021, ndipo zina zinafika kwa anthu okhudzidwa kuno kwathu.

Chachisanu, achinyamata akuchitapo chiyani? Vanessa Nakate wa ku Uganda anayamba kuima ndi chikwangwani m'misewu ya Kampala mu 2019. Koma nkhani imene imandipatsa mphamvu ndi ya ophunzira zamalamulo a kuzilumba za Pacific. Mu 2019, ali m'kalasi ku Vanuatu, anaganiza zoti nkhaniyi ipite kukhoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague. Anakopa boma la Vanuatu, Vanuatu anakopa mayiko ena, United Nations inavomereza mu Malichi 2023, mwezi womwe ife tinkaika maliro a Freddy. Pa 23 Julaye 2025 khotilo linapereka maganizo ake: mayiko ali ndi udindo mwalamulo woteteza nyengo, ndipo dziko lolephera kutero lingafunsidwe kulipira amene avulazidwa. Si chigamulo chokakamiza munthu kutulutsa ndalama mawa, koma tsopano amene amatiimira kumisonkhano ali ndi pogwira.

Inu amene munali ku Blantyre, Mulanje, Phalombe kapena Chiradzulu nthawi ya Freddy, tilembereni m'makomenti: munamanganso, kapena mudakali pa lendi kapena kwa achibale? Ndiwerenga onse. Vidiyo yotsatira tifufuza funso lovuta la kwathu konkuno, lakuti ndalama za nyengo zikalowa m'dziko muno zimadutsa m'manja mwa ndani zisanafike kumudzi. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni. Zikomo kwambiri, tionana sabata yamawa.