Ambulera ya mzati wapambali: kagulidwe ndi kasamalidwe

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, pa msonkhano wathawu tinagwirizana kuti ndalama zina za m'thumba la gulu tigulire maambulera akuluakulu obwereketsa pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro. Ndamvanso kuti amayi ena amene mumaphika zakudya zogulitsa kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, mukufuna anuanu. Ine ntchito yanga ndi ya m'magadeni, uko ku Borrowdale ndi ku Mount Pleasant, ndipo maambulera amenewa ndimawatsegula ndi kuwatseka tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mwandipempha kuti ndilankhulepo tisanatulutse ndalama.

Mtundu umene mwaukonda ndi uja mzati wake umaima pambali, mkono n'kutambasuka pamwamba, nsalu n'kumalendewera kumkonoko. M'masitolo amalemba kuti cantilever. Ubwino wake ndi woonekeratu. Pansi pa mthunzi palibe chotchinga, mutha kuika tebulo la keke kapena mipando ya ankhoswe popanda mzati wobisa nkhope za anthu. Yambiri imazungulira, imapendekekanso, ndiye dzuwa likapendeka masana inunso mumangoipendeketsa.

Koma ubwino womwewo ndi umene umabala vuto, ndipo apa ndikhalapo pang'ono. Mukanyamula ndowa ya madzi pafupi ndi thupi mumayenda nayo bwinobwino. Itambasulireni mkono, muona kuti ikukukokerani pansi. Ambulera iyi moyo wake wonse imakhala itatambasula mkono choncho. Ya mamita 3 mbali zonse ili ndi nsalu yokwana masikweya mita 9, yozungulira ya mamita 3 ili ndi pafupifupi 7. Mphepo ikalowa pansi pa nsalu yonseyo, chimene chimaletsa kuti isagwere anthu ndi kulemera kwa tsinde basi.

Ndiye mukafika m'sitolo musayambe kusirira mtundu wa nsalu. Funsani kaye kuti tsinde likufuna makilogalamu angati, ndipo akuonetseni pamene opanga analemba. Ya mamita 3 nthawi zambiri imafuna makilogalamu pafupifupi 100, yokulirapo imafuna oposa pamenepo. Ambiri amagulitsa ambulera ndi chitsulo chopingasa chapansi chokha, zolemeretsa mulibe m'katoni. Munthu amafika nayo kunyumba, n'kusanjikapo njerwa ziwiri, n'kumati zatheka. Sizinatheke ayi, abale anga. Pachitsulo chopingasacho pamafunika masilabu a simenti 4. Silabu ya masentimita 50 mbali zonse, yochindikala masentimita 5, imalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndiye onse pamodzi akupitirira 100. Anyamata athu oumba njerwa atha kutiumbira, timangowapatsa muyezo.

Palinso matsinde apulasitiki othiramo madzi kapena mchenga. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, pamene lita ya mchenga wouma ndi pafupifupi kilogalamu ndi theka. Kwa amayi amene ambulera izikhala pamalo amodzi, thirani mchenga, chifukwa pulasitiki ikang'aluka madzi amatha usiku inu osadziwa. Mwinanso ndi bwino kungoimangirira ndi mabawuti pakonkire. Kwa ife a gulu amene tizinyamula uku ndi uku, masilabu ndiwo abwino, poti amakwezedwa pagalimoto imodziimodzi.

Tsopano nsalu. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotere dzuwa limawotcha kwambiri khungu ndi nsalu yomwe. Poliyesita yotchipa, imene utoto anangoupaka pamwamba, imasuluka msanga, kenako imayamba kung'ambika m'misoko. Yolimba ndi ya akiriliki kapena olefin, imene utoto unalowa mu ulusi usanalukidwe. Imadula, koma ife tikugula chinthu choti chibweze ndalama kwa zaka. Muone ngati palembedwa UPF 50+, kutanthauza kuti nsaluyo imatchinga magawo 98 mwa 100 a cheza chowotcha cha dzuwa. Izi ndi zofunika kwa ana, kwa agogo athu, makamaka kwa abale athu achialubino, ngakhale iwo asasiye chipewa ndi mafuta awo, chifukwa cheza china chimachokera pansi ndi m'mbali. Pemphani kuti akutsegulireni panja, muime pansi pake muyang'ane kumwamba. Mukaona timadontho ta kuwala tili ngwee paliponse, nsaluyo ndi yopyapyala. Pamwamba penipeni payenera kukhala kachipewa kotseguka kotulukira mphepo. Yopanda kachipewako isiyeni.

Za mzati sindichulutsa. Aluminiyamu sachita dzimbiri ndipo ndi wopepuka kunyamula. Chitsulo wamba n'chotchipa, koma penti ikakandika dzimbiri limayamba pomwepo. Nthiti zikhale 8, osati 6. Chimene ambiri sayang'ana ndi pamene nthitizo zimakumana, ndi chopukusira. Gwirani pamenepo mugwedeze. Ngati ndi pulasitiki yopepuka yolira khwekhwekhwe, ndi pomwe idzayambire kuthyoka. Pukusani nokha mpaka itseguke yonse, mumve ngati chingwe cham'kati chikuyenda mosadodoma. Mufunsenso ngati nsalu yake imachoka ndipo ngati yosinthira imapezeka.

Tikagula, lamulo lalikulu ndi limodzi: palibe munthu pansi pake, itsekeni, muimange ndi lamba wake. Usiku isagone yotsegula. Mphepo ya mu Ogasiti mukuidziwa nonse, ndi akamvuluvulu a mu Sepitembala ndi Okutobala amene amabwera kunja kuli zii. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ya masana imatsogoza chimphepo, nthawi zina ndi matalala. Mukaona kwada, musadikire dontho loyamba. Chotsani anthu, tsekani. Ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse, kukamachita ziphaliwali wina asabisale pansi pake kapena kugwira mzati. Ndi chitsulo chachitali choima pabwalo, ndipo mphezi za dziko lino zatilanda anthu ambiri.

Ikanyowa, mvula ikatha itseguleni iume kaye musanaipinde. Yopindidwa yonyowa imachita nkhungu, madontho akuda aja amene savuta kubwera koma kuchoka kwake ndi nkhondo. Potsuka, madzi ofunda pang'ono, sopo wamba ndi bulashi yofewa zakwana, kenako muitsukuluze bwino sopo asatsalire. Makina opopera madzi mwamphamvu aja otsukira galimoto amachotsa mankhwala oletsa madzi kulowa. Jik musamuyandikize pa poliyesita, imasanduka mawangamawanga. Maluwa a jakaranda akamayoyoka mu Okutobala, ndi zitosi za mbalame, zichotseni tsiku lomwelo zisanaumirepo. Molumikizira monse pukutani fumbi ndi kansalu, mupoperemo pang'ono mafuta ofewetsa otchedwa silikoni. Girizi ayi, amagwira fumbi n'kusanduka phala lokhakhala limene limadya chingwe. Mabawuti muziwamanga nthawi ndi nthawi, makamaka ife amene tizimasula ndi kumanga kawirikawiri.

Chopukusira chikalimba musachikakamize. Kawirikawiri pamakhala nthiti imene yakodwa m'nsalu, kapena lamba amene mwaiwala kumasula. Imani, tambasulani nthiti ndi dzanja, muyambirenso. Chingwe chikaduka si mapeto a ambulera, chimasinthidwa. Nsalu ikang'ambika pang'ono isokedwe msanga, osoka matenti ndi mipando alipo ku Glen View ndi ku Siyaso ku Mbare, ndipo owotcherera zitsulo komweko atha kutipangira tsinde lachitsulo lolimba kuposa la m'katoni.

Kwa a komiti, pempho langa ndi lakuti ambulera isamatuluke yokha. Izipita ndi masilabu ake onse, chikwama chake chovindikira, ndi munthu mmodzi wa gulu amene waphunzira kuimika ndi kutseka. Pamaliro anthu mitima imakhala ili kwina, palibe amene angakumbuke kuyang'ana mitambo. Amene mukupita kukaona mitengo Loweruka, mutenge tepi yoyezera, ndipo mtengo umene mudzatiuze ukhale wophatikiza masilabu ndi chikwama. A wapampando, ngati pali mafunso ndili pano.