Imelo ikati mutsimikizire akaunti yanu, yambani mwaima kaye

Moni amayi ndi abambo, azakhali, amalume, nonse a m'gulu lathu la maliro. Ndine mwana wanu uja wokonza mafoni ku Gulf Complex kuno ku Harare. Pepani phokosolo, magetsi athima chim'mawa ndiye jenereta ya aneba ikulira. Uthengawu ndi wautaliko, koma muumvere wonse, kaya mukakhala mu kombi pobwerera kunyumba.

Lachiwiri kunabwera amalume ena ochokera ku Mufakose, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Akuti, "Mphwanga, a banki anditumizira imelo. Akuti ndikapanda kutsimikizira akaunti pa maola 24 aitseka. Ndalemba zonse koma chikungozungulira." Ine mtima unangoti myuu. Ndinawafunsa kuti amalume mwalemba chiyani? Akuti nambala ya khadi, mwezi ndi chaka chothera khadiyo, manambala atatu akumbuyo aja, ndi PIN yomwe. Tili chilankhulire foni ija inalira, kwabwera SMS ya manambala 6, ndipo tsamba lija latsegula kabokosi kopempha manambala omwewo. Amalume chala chayamba kale kulowera komweko. Ndinachita kuwalanda foni, ulemu ndinauiwala kaye.

Mumvetse apa. SMS ija inali yeniyeni, inachokeradi ku banki. Yabodza inali imelo ndi tsamba lija. Nthawi yomweyo mbava zinali zikuyesa kugula zinthu ndi khadi ya amalume, banki n'kutumiza OTP, manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi kokha aja, kwa mwini wake kuti avomereze. Chimene chinatsala ndi choti mwini wake apereke yekha kiyi womalizayo.

Ndiye imelo yotere ikafika, kaya yalemba dzina la banki yanu, EcoCash, Mukuru, Gmail kapena Facebook, yambani mwadzifunsa kuti kodi ine ndapempha chiyani? Imelo yoona yotsimikizira imabwera pamene inuyo mwangotsegula kumene akaunti, kapena mwadina nokha kuti mwaiwala pasiwedi. Imafika foni ikadali m'manja. Koma iyi yongotulukira inu mukusankha tomato ku Mbare Musika, yodza ndi chiopsezo cha "lero lomwe", cholinga chake n'kukuthamangitsani kuti musaganize. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako musakhulupirire dzina lalikulu lija loonekera pamwamba. Dzina limenelo aliyense atha kulemba, ngakhale ine nditha kudzitcha banki madzulo ano. Dinani padzinapo kuti adiresi yonse ituluke, muone zimene zili kumanja kwa kachizindikiro ka @ kaja. Ya amalume dzina linali la banki bwinobwino, chizindikiro cha banki chokongola, koma adiresi inathera pa gmail.com. Banki yokhala ndi nyumba zosanja m'tauni muno ingakulembereni pa Gmail yaulere ngati yanga? Mabanki akuno ambiri maadiresi awo amathera pa co.zw. Facebook imalemba kuchokera ku facebookmail.com, ndipo mukalowa m'gawo la chitetezo mu Facebook momwemo muli malo olembedwa Recent emails, osonyeza maimelo amene iwo anakutumiziranidi. Ngati yanuyo mulibe, mwadziwa kale.

Komabe ndikuchenjezeni, adiresi ya wotumizayo nayonso akathyali ena amatha kuipeka. Ndiye pamene pagona nkhani ndi pa linki, kabatani kabuluu kolembedwa Verify now kaja. Musakadine. Ikanipo chala, mugwire osachotsa kwa kanthawi, foni ikuonetsani kumene kabataniko kakupita. Pa kompyuta mungoyendetsapo mausi osadina.

Kawerengedwe kake n'komwe kamasokoneza anthu, ndiye ndilankhula pang'onopang'ono. Dumphani https ndi timizere tiwiri toyamba tija. Yendani mpaka mutapeza kamzere kopendekeka koyamba. Imani pamenepo, muwerenge chobwerera m'mbuyo. Mawu amene agundana ndi com, kapena co.zw, ndiwo mwini nyumba. Zonse zakumanzere n'zokongoletsa chabe. Mukaona accounts.google.com kenako kamzere, mwini wake ndi Google. Koma mukaona google.com, kenako kadontho, kenako mawu ena achilendo kamzere kasanafike, mwini wake ndi mawu achilendowo, dzina la Google angolipachika pakhomo. Zili ngati basi ya ku Roadport yolembedwa Blantyre pagalasi, koma tikiti ikunena kwina. Ena amasintha chilembo chimodzi chokha. Amaika ziro pamalo pa o, kapena r ndi n zogundizana kuti zioneke ngati m. Pa foni yosweka galasi ngati zambiri zimene mumandibweretsera, maso sangazione.

Ndipo kaloko kaja, kamene tinkauzana kale kuti ukakaona ndiye kuti zili bwino, iwalaniko. Kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa panjira. Sikanena kuti akulandira uko ndani. Tsamba la amalume linali nako kaloko. Chizungu chothyoka nachonso sichikuthandizanso kwenikweni, masiku ano amalemba chosalala kuposa cha ahedi. Dear Customer akadali chizindikiro, inde, koma ena dzina lanu amakhala nalo.

Ine chimene ndimachita n'chosavuta. Ndimatseka imeloyo, n'kulowera pakhomo limene ndikulidziwa. Ndimatsegula app ya banki imene ili kale m'foni, kapena kulemba ndekha adiresi yake. Ngati palidi vuto, ndikalipeza mmenemo. Mukafuna kuimba, imbani nambala yakumbuyo kwa khadi yanu, osati imene ili mu imeloyo, chifukwa woyankha kumeneko ndi mbava yomweyo, ya mawu okoma. Banki ikafunadi zikalata zatsopano, nyamulani chitupa mupite ku nthambi. PIN ndi OTP sizipemphedwa pa imelo, pa WhatsApp kapena pa foni, olo wopemphayo atchule dzina la agogo anu. Ngati imeloyo yabwera ndi fayilo yoti mutsegule, isiyeni choncho.

Nanga ngati mwalemba kale? Manyazi ayi, thamangani. Amalume tinaimba ku banki pomwepo ali chiimire, khadi n'kutsekedwa, ndalama sinachokemo. Ngati munapereka pasiwedi, sinthani nthawi yomweyo, ndipo muyambe ndi ya imelo, poti amene wagwira imelo yanu atha kusintha ya Facebook ndi zina zonse. Ndikudziwa ambirife pasiwedi ndi imodzi paliponse, dzina la mwana woyamba ndi chaka chobadwa. Sinthani monsemo. Yatsaninso 2-Step Verification, loko wachiwiri wotetezera akaunti, pa Gmail, ndi pa WhatsApp pomwe. Ndalama zikachoka, pitani ku polisi ndi zithunzi za imeloyo. Dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo banki nthawi zambiri imafuna lipoti la apolisi.

Amayi msungichuma, inu makamaka, poti zopereka zathu zimadutsa pa foni yanu, chilichonse chokayikitsa ndiimbireni musanadine, olo usiku. Enanu mukafuna kuchenjeza anzanu musatumize linkiyo m'gulu muno, wina aidina mwangozi. Jambulani sikirini mutumize chithunzi, imeloyo muiike ku spam.

Loweruka pamsonkhano ku Highfield ndibwera molawirira, cha m'ma 1 koloko. Bwerani ndi mafoni otchaja, ndi magalasi amaso amene muli nawo, tidzayese limodzi kugwira linki kuja. Eya bwana, ndikubwera, ikani pomwepo. Kwabwera kasitomala, tionana Loweruka.