Khirisimasi ino musandigulire kanthu

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Joni, ku Dublin, kaya kwathu ku Salima. Ndine mlongo wanu uja wa ku Chipoka, ndikulankhula kuchokera ku Leeds, ku England. Pano nthawi yangokwana 4 koloko madzulo koma kunja kwada kale bii. Disembala wakuno ndi wotero, dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito tayamba kale za Secret Santa. Aliyense amatola kapepala kolembedwa dzina la mnzake, n'kukamugulira mphatso mobisa. Chaka chatha ndinalandira makandulo onunkhira ndi masokosi. Anzangawo anachita ndi mtima wabwino ndipo ndinathokoza, koma makandulowo akadali m'kabati mpaka lero.

Chaka chino ndawapempha anzangawo, ndipo ndikupemphaninso inu a pagulu lathu la WhatsApp, kuti ndalama imene mukanandigulira mphatso ipite kwa odikirira odwala kuchipatala kwathu.

Mu Januwale 2024 bambo anga anagonekedwa m'chipatala, ndipo mayi anawadikirira masabata atatu. Ine ndinali kuno, kumangomvera pafoni. Nthawi imeneyo kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti sopo, mafuta ndi shuga zinali zitakwera mtengo. Madzulo alionse mayi ankandiimbira ali kushedi kumene odikirira amaphikira ndi kugona. Ndinkamva ziwiya zikulira, ana akulira, wina akupempha moto. Ambiri anali ochokera kutali, kwa Khombedza, ku Thavite, atanyamula kathumba ka ufa poganiza kuti akhala masiku awiri okha. Sabata ikatha ufa watha, nkhuni n'zogula, ndipo kumudzi nkhokwe ili pululu, chifukwa Januwale chimanga chimakhala chikadali chobiriwira kumunda. Ndi nyengo yomweyo ya mvula imene malungo amagwetsa ana ambiri.

Panali mayi wina amene mwana wake anadwala malungo aakulu. Kwa masiku awiri ankaphikira mwanayo phala, iye osalawa kanthu. Mayi anga atazindikira anamuitana kuti adyere limodzi nsima ya usipa. Usiku umenewo anandiuza kuti: "Mwanangu, wodwala amamuyendera adokotala, koma womudikirira palibe amamufunsa ngati wadya." Mawu amenewo sanandichoke. Kuno ndimalipidwa pa ola lililonse limene ndadyetsa kapena kusambitsa wokalamba. Amayi aja amagwira ntchito yomweyo usana ndi usiku, atagona pa chitenje, m'mimba muli njala.

Ndalankhula kale ndi amayi a Chigwirizano a mpingo wathu ndipo avomera. Iwo ndiwo adzagule ufa, nyemba, usipa wouma, sopo ndi nkhuni. Tagwirizana kuti asakapereke pa Khirisimasi, poti tsiku limenelo magulu ambiri amafika kale ndi mphatso. Adzapita pakati pa Januwale, alendo onse atabalalika. Amene muli kunja mutha kutumiza pa Mukuru, amene muli kumudzi pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo malisiti onse ndidzaika pagulu kuti aliyense aone.

Bambo anachira, panopa abwerera kumunda. Mayi ndiwo anena kale kuti tsiku lokapereka zinthuzo asawasiye, akufuna akanyamule okha thumba loyamba.