Mavampaya a kusekondale: chikondi ndi ubwenzi m'mabuku a achinyamata

Takulandirani nonse amene mukutionera. Lero tikukamba za mtundu wa nkhani zopeka umene wakopa achinyamata ambirimbiri ku America ndi ku Ulaya, ndipo kudzera m'mafilimu wafikanso m'mafoni a ana athu. Izi ndi nkhani za mavampaya, zolengedwa zooneka ngati anthu koma zodalira magazi a anthu kuti zikhale ndi moyo, zimene m'mabuku amakono zimapita kusukulu, zimapalana ubwenzi ndipo zimafunsira mbeta.

Ndiyambe ndalekanitsa zinthu ziwiri. Mmalawi akamva za woyamwa magazi, maganizo ake amathamangira kwa anamapopa, ndipo ambiri tikukumbukira chaka cha 2017 pamene mphekesera zimenezi zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kum'mwera monga Mulanje ndi Phalombe. Imeneyo ndi nkhani ya misozi, ndipo sitikuiseweretsa. Vampaya amene tikumukamba pano ndi wa m'mabuku, ndipo mizu yake ili kum'mawa kwa Ulaya.

M'chaka cha 1725, m'mudzi wa Kisiljevo ku Serbia, anthu anafukula mtembo wa munthu wotchedwa Petar Blagojević pokhulupirira kuti ankadzuka usiku n'kumapha anansi ake, ndipo anaubaya ndi chisonga asanautenthe. Mkulu wa boma la Austria amene anaona zimenezi analemba lipoti limene linamveka kutali. Vampaya wa nthawi imeneyo anali mtembo wa mlimi wa kumudzi, wotupa ndi wonyansa, woti palibe mtsikana akanamusirira. Amene anamuveka zovala zaulemu ndi John Polidori, yemwe m'chaka cha 1819 anatulutsa nkhani ya The Vampyre, momwe woyamwa magaziyo ndi bwana wolemera wodziwa kunyengerera akazi. Bram Stoker anabwera ndi Dracula mu 1897, ndipo mu 1976 Anne Rice, m'buku la Interview with the Vampire, analola vampaya kufotokoza yekha mbiri yake, kusungulumwa kwake ndi chikumbumtima chomuvutitsa. Chilombo chikayamba kudandaula za machimo ake, owerenga amayamba kuchimvera chisoni, ndipo apa ndi pamene khomo la chikondi linatsekukira.

Kusekondale vampaya anafikako ndi mabuku monga The Vampire Diaries a L. J. Smith, amene anayamba kutuluka mu 1991, koma moto weniweni unayaka mu 2005 ndi Twilight ya Stephenie Meyer. Bella Swan, mtsikana wa zaka 17, asamukira m'tawuni yamvula ya Forks, m'chigawo cha Washington ku America, ndipo akondana ndi Edward Cullen, mnyamata wooneka wa msinkhu wake koma amene anasandutsidwa vampaya mu 1918 pa nthawi ya mliri wa chimfine. Mabuku anayi a nkhaniyi anagulitsidwa oposa 100 miliyoni, ndipo filimu yoyamba inatuluka mu 2008.

Nanga wachinyamata amapezamo chiyani? Yankho langa ndi lakuti amadzionamo yekha. Munthu akamatha msinkhu, thupi lake limasintha osamupempha, zilakolako zimene sanazidziwepo zimadzuka, ndipo amadzimva ngati mlendo pakati pa makolo ake omwe. Vampaya wa m'mabuku amenewa ali m'vuto lomwelo: ali ndi ludzu limene akalilekerera limawononga munthu amene amamukonda. A banja la Cullen anasankha kumwa magazi a nyama m'malo mwa magazi a anthu, ndipo nkhani yonse imatsamira pa funso lakuti kodi Edward adzatha kudzigwira. Funso limeneli anamkungwi athu amalidziwa bwino, kungoti iwo amaliphunzitsa ndi mwambo pamene mabukuwa amaliphunzitsa ndi mano.

Koma pali zimene sindingazibise. Edward amalowa m'chipinda cha Bella usiku n'kumamuyang'ana ali m'tulo iye osadziwa, ndipo nthawi zina amamuletsa kukacheza ndi mnzake Jacob. Buku limaonetsa zimenezi ngati chikondi chozama, pamene m'moyo weniweni ndi zizindikiro za chibwenzi chopondereza. M'buku lachiwiri, Edward atachoka, Bella amataya anzake ndipo miyezi imadutsa iye ali ngati wakufa. Mtsikana wa Fomu 3 amene akuwerenga zimenezi ayenera kukhala ndi wina womufunsa modekha ngati angalole mnyamata kumuchitira zomwezo.

N'chifukwa chake ndikufuna tikhalitse pa mabuku ena amene, m'kuona kwanga, anaika phata la nkhani pamalo abwino. Vampire Academy ya Richelle Mead inayamba kutuluka mu 2007 ndipo inatha mu 2010 ndi buku lachisanu ndi chimodzi. Nkhaniyi imachitikira pasukulu yogonera komweko yobisika m'chigawo cha Montana ku America, ndipo wolembayo anabwereka mayina m'nthano za ku Romania ndi madera oyandikana nako. Pali a Moroi, mavampaya amoyo amene amabadwa, kukalamba ndi kufa. Pali a Strigoi, oipa ndi osafa, amene amasaka a Moroi. Ndiye pali ma dhampir, amagazi osakanizika a vampaya ndi a munthu, amene amaphunzitsidwa kuyambira ali ana kuti ntchito yawo ndi kuteteza a Moroi ngakhale moyo wawo utatayika.

Rose Hathaway ndi dhampir, ndipo mnzake wapamtima, Lissa Dragomir, ndi mwana wa banja lachifumu la a Moroi. Pa ngozi ya galimoto imene inapha makolo ndi mlongo wake wa Lissa, Rose nayenso anafa, koma Lissa anamubwezera moyo ndi mphamvu imene iye mwini sankadziwa kuti ali nayo. Kuyambira tsiku limenelo Rose amamva zonse za mumtima mwa Lissa, mantha ake, mkwiyo wake ngakhale chikondi chake, koma Lissa samva za Rose. Taonani mmene wolembayo anajambulira ubwenzi wa atsikana awiri: wina amadziwa zonse za mnzake, winayo sadziwa kuti mnzake akusenza chiyani. Ambiri a ife tinakhalapo mbali imodzi ya ubwenzi wotere, kaya kusukulu kaya kumudzi.

Pamene awiriwa anathawa sukulu kwa zaka ziwiri, Rose ankalola Lissa kumwa magazi ake kuti asafooke, chinthu chimene pakati pa anthu awo chimaonedwa ngati chochititsa manyazi, ndipo atabwerera anzawo anawanena nacho. Mphamvu ya Lissa yochiritsa imabweranso ndi mtengo wake, pakuti imamudwalitsa matenda a nkhawa mpaka kufika podzivulaza, ndipo Rose amafika pa chisankho chowawa: kusunga chinsinsi cha mnzake kapena kuulula kwa akuluakulu kuti athandizidwe. Anaulula, ndipo Lissa anamukwiyira. Ine ndimaona kuti m'mabuku onse a mtundu umenewu, malo ochepa ndi amene amanena zoona za unyamata kuposa pamenepa, chifukwa wachinyamata aliyense amene mnzake anamunong'oneza chinthu choopsa n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu amalidziwa bwino kulemera kwa mtolo umenewu.

Chikondi chilimonso, ndipo nachonso chili ndi chilema chake. Rose amakondana ndi Dimitri Belikov, yemwe ndi mphunzitsi wake wa zankhondo, wa zaka 24 pamene iye ali ndi 17, ndipo ngakhale bukulo limavomereza kuti pali vuto, silithetsa nkhawa ya kholo lililonse loganiza bwino. Chimene chikondichi chimatumikira bwino m'nkhaniyi ndi kuyesa ubwenziwo, pakuti onse awiri akuyenera kudzateteza Lissa, ndipo mlonda amene mtima wake uli pa mlonda mnzake angachedwe pa nthawi imene adani afika.

Amene simunawerenge mpaka kumapeto mundikhululukire, chifukwa ndiulula pang'ono. M'buku lomaliza Rose amawomberedwa ndi mfuti poteteza Lissa, koma ulendo uno amachira ndi mphamvu za thupi lake, ndipo chingwe chija cholumikiza mitima yawo chimaduka. Lissa amavekedwa ufumu, Rose amakhala mlonda wake, ndipo kwa nthawi yoyamba patapita zaka, akafuna kudziwa zimene zikumuvuta mnzakeyo, amayenera kupita kukakhala naye pansi ndi kumufunsa.