Netbook Ikakana Kulandira Windows Kapena Linux Kuchokera pa Fulashi

Moni nonse amene mukuonera vidiyoyi. Patebulo pano pali Acer Aspire One, imodzi mwa makompyuta ang'onoang'ono otchedwa netbook amene anadzaza pamsika mu 2008, kampani ya Asus itayamba ndi Eee PC yake mu 2007. Makompyutawa alibe polowetsera CD, choncho wofuna kuikamo Windows kapena Linux amadalira fulashi, ndipo ntchitoyi ikakanika kawiri kapena katatu ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti kompyutayo inafa. Kawirikawiri imakhala ili bwinobwino, kungoti yapatsidwa chinthu chimene sichinapangidwire makina akale ngati amenewa, ndipo pamene ntchito yaimira ndi pamene pamatiuza chimene chalakwika.

Tiyambe ndi netbook imene ikungodutsa fulashi ngati palibe chimene mwalowetsa. Fulashiyo ilowetseni kompyuta ili chizimire, kenako muiyatse n'kudina F2 mobwerezabwereza kuti mulowe mu BIOS, kapulogalamu ka m'kati mwa kompyuta kamene kamasankha chipangizo choyambirapo. Pa Aspire One, batani la F12 ndi limene limabweretsa mndandanda wa zipangizo zoyambirapo, koma nthawi zambiri limakhala lotseka, ndipo muyenera kulitsegula pa tsamba la Main, pa mzere wolembedwa F12 Boot Menu, musanasunge zosinthazo ndi F10. Pa Eee PC batani lake ndi Esc, ndipo ngati mu BIOS muli Boot Booster muizimitse kaye, chifukwa imathamangitsa kompyuta isanayang'ane n'komwe zimene zalowetsedwa. Pa HP Mini ndi F9. Dziwaninso kuti BIOS zambiri za nthawi imeneyo zimaika fulashi pamodzi ndi ma hard disk, osati pa zipangizo zochotseka, kotero mukaisowa uku muiyang'ane uko.

Tsopano tinene kuti fulashi yaoneka, mwaisankha, koma sikirini yangoda ndipo pakona pakungophethira kamzere koyera, kapena pabwera mawu akuti "Missing operating system". Apa vuto lili pa kakonzedwe ka fulashiyo. Kungokopera fayilo ya ISO, imene imakhala ndi zonse zoikira Windows kapena Linux, pa fulashi ngati mmene timakoperera nyimbo sikuthandiza. Iyenera kulembedwa ndi pulogalamu yonga Rufus. Ndipo mu Rufus momwemo muli msampha, chifukwa makompyuta a masiku ano amagwiritsa ntchito UEFI ndi GPT, njira zatsopano zoyambitsira kompyuta ndi zogawira disiki, pamene netbook zakalezi zimangodziwa njira zakale za BIOS ndi MBR. Onani pasikirini: pa Partition scheme ndasankha MBR, ndipo pa Target system pakuoneka BIOS. Ngati ndi Linux ndipo yakanabe, ilembeninso posankha njira ya DD imene Rufus imakufunsani. Musanaimbe mlandu fulashi, yerekezani nambala ya SHA256 ya fayilo yanu, imene imasonyeza ngati fayiloyo ndi yathunthu, ndi imene ili patsamba limene munaitenga, popeza intaneti ikadukiza pakati fayilo imatha kuoneka yathunthu pamene ili yoperewera.

Pano ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu amawonongera bandulo yawo pachabe. Netbook zambiri za 2008 ndi 2009 zili ndi purosesa ya Intel Atom N270 kapena N280, ndipo mapurosesa awiriwa ndi a 32-bit basi. Mukawapatsa Linux ya 64-bit amakuyankhani kuti "This kernel requires an x86-64 CPU, but only detected an i686 CPU", ndipo ngakhale mutasintha fulashi kapena kulowa mu BIOS kangati, yankho lidzakhala lomwelo. Chovuta n'chakuti mitundu ya Linux ndi Windows ya 32-bit ikutha. Ubuntu, mtundu wina wa Linux, inasiya kutulutsa ISO yake yaikulu ya 32-bit mu 2017, Lubuntu 18.04 inali LTS (mtundu wolandira chithandizo kwa nthawi yaitali) yomaliza yotere, Windows 11 ilibiretu mtundu wa 32-bit, ndipo Debian 13 ya mu 2025 ilibe pulogalamu yoikira pa makina amenewa. Zimene zatsala zodalirika ndi monga Debian 12 ya i386 ndi antiX, imene inapangidwa poganizira makompyuta akale. Atom N450, imene ili mu netbook zambiri za 2010, imalandira 64-bit, koma RAM yake siipitirira 2 GB, choncho ngakhale pamenepo sankhani chopepuka.

Ena adzafunsa za Windows. Mtundu wa 32-bit wa Windows 10 umalowa ndithu, koma pa 1 GB ya RAM umayenda mokwawa, ndipo Microsoft inathetsa chithandizo chake chanthawi zonse mu Okutobala 2025. Windows XP inasiyidwa mu 2014, Windows 7 mu 2020. Ine sindingalangize munthu kuti atsegule imelo kapena akaunti yake ya kubanki pa kompyuta imene siilandiranso zotsekera mipata ya akuba, ngakhale itathamanga bwanji.

Pulogalamu yoikira ikayamba, mungapeze kuti mabatani a m'munsi sakuoneka, chifukwa sikirini ya netbook zambiri ndi ya 1024 kwa 600 yokha. Pa Linux, gwirani batani la Alt n'kukokera windo yonse m'mwamba ndi mausi, mabataniwo atulukira. Mabatire a makinawa anakalamba, ndiye ikani pa chaja ndipo musayambe ntchitoyi pa nthawi imene mukudziwa kuti magetsi azima, poti kompyuta ikazima ili pakati polemba pa disiki mudzayambiranso pachiyambi.

Chatsala ndi vuto limene limaonekera ntchito yonse itatha: mwachotsa fulashi, mwayatsa, kompyuta yakana kuyamba, koma mukabwezera fulashiyo ikuyamba bwino. Izi zikutanthauza kuti GRUB, kapulogalamu kamene kamadzutsa Linux, kalembedwa pa fulashi m'malo mwa disiki ya m'kati. Poika, pulogalamu ikakufunsani kumene GRUB ipite, musangovomera chimene yakusankhirani. Disiki ya m'kati kawirikawiri imatchedwa /dev/sda ndipo fulashi /dev/sdb, koma pa makina ena mayinawa amasinthana, choncho yang'anani kukula kwake: mwachitsanzo, ngati disiki yanu ndi ya 160 GB ndipo fulashi ndi ya 8 GB, musankhe ya 160 GB. Ngati zachitika kale, yambitsani kompyuta ndi fulashiyo, tsegulani Terminal, windo yolembamo malamulo, tsimikizani dzina la disiki ndi lamulo la lsblk, kenako lembani sudo grub-install ndi dzina la disikiyo, mutsatize ndi sudo update-grub, ndipo mukazimitsa muchotse fulashi n'kuyatsanso.