Ndalama zake zichokera kuti?

Zikomo a mfumu, zikomo nonse. Amayi a kumbuyoko, senderani kuno kumthunzi.

Lachiwiri lapitali munathamangitsa mnyamata wodulitsa ziphaso pamsika paja. Ndamva kuti nsapato imodzi anaisiya pomwepo. (Kuseka) Mukuti simulipiranso chifukwa zimbudzi zadzaza ndipo zinyalala zaunjikana. Dandaulo lanu ndi loona. Koma mukaleka kulipira, wodzachotsa zinyalalazo alipidwa ndi chiyani? Ndiye lero ndabwera ndi funso limodzi lokha. Munthu akakuuzani kuti "tichotsa msonkho uwu" kapena "izi tikupatsani ulere", mumufunse kuti, ndalama zake zichokera kuti?

Akuluakulu mukukumbukira 1994, a Bakili Muluzi atanena kuti pulayimale ikhale yaulere. Chinali chinthu chabwino, anga omwe anaphunzira nacho. Koma ana a sukulu anali osakwana 2 miliyoni, chaka chomwecho n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi kulibe, ana pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi olembedwa mothamanga asanaphunzire ntchito. Sukulu inali yaulere kwa kholo, koma choko ndi malipiro a aphunzitsi ankalipira winawake.

Nanga mafuta ophikira? Boma linaikapo msonkho wa pa zogula uja wa VAT, wa 16.5 peresenti, tonse tinalira. Mu 2022 linauchotsa. Inu a zitumbuwa, munaona kusintha? Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, pomwe zopangira mafutawo zambiri zimachokera kunja. Boma linaluza msonkho, ife botolo n'kumaligulabe modula.

(Mayi wina: Koma abambo, ndalamazo amangodya okha!)

Mwanena zoona mayi, sindikutsutsani. Cashgate ya 2013, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ija, tonse tinaimva, ndipo mayiko otithandiza anasiya kuthira ndalama m'bajeti ya boma. Anavutika ndani? Inu nomwe, pokapeza kuchipatala kulibe mankhwala. Koma taganizani, mbewa zikalowa m'nkhokwe, mumasiya kulima? Ayi, mumasaka mbewazo. Komanso musamati msonkho ndi wa olandira malipiro okha. Mukagula sopo, mukagula mayunitsi a foni, mwaupereka kale, wafika ku MRA, bungwe lotolera misonkho ya boma. Ndiye muli ndi ufulu wofunsa. Ena amati akhomeni olemera okha ndi makampani. Chabwino, koma kampani ikakhomedwa kwambiri imakweza mtengo wa katundu, n'kubwerera kwa inu. Boma likakongola, chiwongoladzanja adzabweza ndi ana athu. Mu 2019 linafuna kudula 1 peresenti pa ndalama zotumizirana pafoni, anthu anakana, n'kuisiya. Zinali bwino, pakuti ikanapweteka a kumudzi opanda banki. Koma dzenje linatsalalo linafunika kukwiriridwa ndi dothi la kwina. Ndalama zake zichokera kuti? Muzifunsa chonchi, makamaka nthawi ya kampeni, m'malo momangovina mwalandira nsalu.

Ndikuona abambo ena ayamba kusinza, ndifulumire. Mukalipira, tengani chiphaso, musalole zoti "ingondipatsani theka". Chisungeni. A komiti ya msika muziwerenga ziphaso zadulidwa tsiku lililonse. Lachisanu tikumane ndi a khansala, atiuze kuti zotoleredwa pano zimapita kuti ndipo zimbudzi azipopa liti. Ndipo amene anatola nsapato ija, aipereke kwa a mfumu tisanabalalike.